Lamulo la pa Chilumba cha Mbenji

Chaka ndi chaka, mwezi wa Disembala ukafika, chilumba cha Mbenji chimatsala chopanda munthu. Asodzi amene akhala akugona m'misasa pa chilumbacho kuyambira mwezi wa Epulo amapinda makoka awo, nakweza miphika ndi mphasa m'maboti, n'kuwolokera kumtunda. Palibe msilikali wa Boma amene amawathamangitsa, ndiponso nsomba sizikhala zitatha m'madzimo ayi. Amachoka chifukwa mfumu yatseka chilumba, ndipo saponyanso khoka pamenepo kufikira mfumu yomweyo itatsekula mvula ikatha. Mwambo umenewu wasungidwa kwa zaka pafupifupi 70 tsopano. M'dziko lathu lino, momwe malamulo ambiri oteteza nsomba, nkhalango ndi nthaka amathera pa pepala, chinthu chotere n'choyenera kuchifunsa bwino kuti chinayamba bwanji, ndipo chakhalitsa chonchi chifukwa chiyani.

Mbenji ndi chilumba chaching'ono cha miyala m'nyanja ya Malawi, m'boma la Salima, moyang'anana ndi doko la Chikombe. Chili m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Awerengi asasokoneze ndi Makanjira wina uja wa ku Mangochi, kutsidya kwa nyanja. Chuma chonse cha chilumbachi chili m'madzi, ndipo dzina lake ndi utaka. Nsomba imeneyi imakonda kusonkhana pamwamba pa miyala ikuluikulu yobisika pansi pa nyanja, pomwe madzi oyenda amabweretsa tizilombo ting'onoting'ono timene imadya, ndipo asodzi amaipha ndi chilimira, khoka lija lalikulu lokokedwa ndi mabwato pakati pa madzi akuya. Mayi wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amene sanaionepo nyanja amaudziwa utaka bwino lomwe, pakuti ndi utaka wouma womwewo umene umapulumutsa banja lake pamene nkhwani zatha m'munda ndipo nkhuku ndi yosungira mlendo. M'zaka za m'ma 1970, pa chakudya chonse chomanga thupi chimene Amalawi ankapeza kuchokera ku nyama, mazira, mkaka ndi nsomba, magawo 7 mwa magawo 10 ankachokera ku nsomba, ndipo munthu mmodzi ankadya makilogalamu pafupifupi 14 pa chaka. Pofika m'ma 2000 chiwerengerocho chinali chitatsika mpaka kuchepera theka. Tsono nkhani ya usodzi si ya anthu a kunyanja okha. Ndi nkhani ya mbale ya ndiwo m'nyumba iliyonse.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Kufikira zaka za m'ma 1930, usodzi wa pa nyanja unali m'manja mwa eni dziko. Makoka ankalukidwa ndi luzi la zitsamba za m'tchire, ndipo pambuyo pake, magalimoto atachuluka, amisiri anaphunzira kusolola ulusi m'matayala otha. Khoka la luzi silinkachedwa kuwola. Linkafuna kuyanikidwa, kusokedwa ndi kulukidwanso, ndipo masiku onse amene mwini wake ankakhala pa mchenga akusoka, nyanja inkapuma. Makolo athu sankafunikira malamulo ambiri, popeza khoka lenilenilo linali lamulo. Zinthu zinayamba kusintha pamene Agiriki a banja la Yiannakis anakhazikitsa usodzi wa malonda kufupi ndi Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi. Iwo anali ndi makoka akuluakulu, maboti a injini ndi malole onyamulira chambo kupita ku Blantyre ngakhale kunja kwa dziko, ndipo mafumu a m'mbali mwa nyanja sanachedwe kudandaula kuti nsomba za anthu awo zikutha.

Boma la Atsamunda linayankha m'njira imene linkaidziwa, ndiyo yoitana akatswiri. Mu 1939 kunabwera Bertram, Borley ndi Trewavas kudzafufuza za nsomba za m'nyanja. Kuyambira 1945 mpaka 1947 mayi wina wachitsikana, Rosemary Lowe, anayendayenda pa nyanja kuphunzira moyo wa chambo: m'mene chachimuna chimakonzera chisa pa mchenga, m'mene chachikazi chimasungira mazira ndi ana m'kamwa, ndi m'mene kasawala amakulira m'madzi osaya pakati pa bango asanalowe kwakuya. Ntchito yake inali yabwino zedi, ndipo akatswiri a lero akuimabe pa maziko amene iye anaika. Mu 1949 Boma linakhazikitsa lamulo la usodzi. Komatu lamulolo linalembedwa ku Zomba, m'Chingerezi, ndi anthu osadya utaka, ndipo oliyang'anira anali owerengeka pa nyanja yotalika makilomita oposa 500. Msodzi wamba ankalimva ngati mphekesera chabe, kapena ngati msonkho wina watsopano.

Kumtunda zinthu zinafika poipa koposa. Akuluakulu amene alipobe akukumbukira mawu akuti malimidwe. Lamulo la 1946 losamalira zachilengedwe linapatsa Boma mphamvu zokakamiza alimi kulima mizere yopingasa ndi kukumba milambala, ndipo Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene anafika mu 1948 n'kukumana ndi njala ija ya 1949, analimbitsa chikakamizocho. Alangizi anasanduka ngati apolisi. Wolephera kutsata ankalipitsidwa, ena ankamangidwa, ndipo m'minda ina mbewu zinkazulidwa mwini munda akuona. Ku Chigwa cha Shire anthu anaitcha nthawiyo nkhondo ya mitumbira. Ku Ntcheu, Inkosi Gomani Philip, amene poyamba ankalimbikitsa yekha kusamala nthaka, anauza anthu ake mu 1953 kuti aleke kumvera malamulowo posonyeza kukana Chitaganya. Boma linamuchotsa pa mpando, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Chodabwitsa n'chakuti mizereyo sinali yoipa, pakuti lero pafupifupi mlimi aliyense amalima mizere popanda womuopseza. Chimene anthu anakana chinali chikoti chimene chinabwera nayo. Ndipo chikoticho chinasiya chilonda chokhalitsa: kwa zaka zambiri ufulu utabwera, mawu akuti kusamala nthaka ankanunkhabe Chitsamunda, kotero kuti andale ankaopa kuwatchula.

Ndi m'zaka zomwezo za m'ma 1950, pamene dziko linali kuwira chonchi, m'mene lamulo la pa Mbenji linabadwa, mwakachetechete, popanda Bwana D.C. kapena katswiri. Monga akulu a kumeneko amafotokozera, kunafika asodzi awiri odziwika ochokera ku Likoma, kwawo kwa akatswiri a chilimira, napempha kwa mfumu chilolezo choti azisodza pa chilumbacho. Mfumu inawalola. Koma inadziwa kuti kumene kwapita awiri n'kubwerako ndi mabwato odzaza kudzapita enanso ambiri, choncho inagwirizana nawo za malamulo oti aliyense wofika pa chilumbapo azitsata. Lalikulu mwa malamulowo linali lakuti nyengo ya mvula pa chilumba pasamakhale munthu.

Tisafulumire kuganiza kuti mfumuyo inali itawerenga malipoti a akatswiri aja. Nkhawa yake yoyamba inali moyo wa anthu. Miyezi ya dzinja ndi ya mphezi ndi namondwe, ndipo munthu wokhala pa mwala pakati pa nyanja alibe pothawira. Bwato likagubuduzika kumeneko, maliro ake amagwera mfumu imene inamulola. Ndiponso tisaiwale kuti msodzi wa kwathu kuno ndi mlimi. Disembala mpaka Malichi ndiyo miyezi yodzala, yopalira ndi yobandira, ndipo bambo akaithera pa chilumba, ndalama za utaka zimatha msanga koma nkhokwe imakhala yopanda kanthu chaka chonse. Potseka chilumba mfumu inkabweza amuna ku makasu awo. Patapita zaka anthu anaona ndi maso awo chinthu chachitatu: pobwerera mu Epulo ankapeza nsomba zochuluka ndi zonenepa, pakuti miyezi imene iwo kunalibe ndi imene nsomba zambiri za m'nyanja zimaswana ndi kulera ana. Motero lamulo limene linayamba pofuna kuteteza msodzi ndi munda wake linasanduka loteteza nsomba, ndipo anthu analikonda pa zifukwa zonse zitatu pamodzi.

Malamulo ena anabwera pambuyo pake, monga mavuto ankabwerera. Pa Mbenji saloleza mowa, chamba kapena njuga, chifukwa amuna mazanamazana opanikizana pa malo ochepa, ndalama zili m'thumba, sachedwa kutulutsirana mipeni. Saloleza makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi ana omwe. Saloleza kusodza ndi nyali usiku, kumene asodzi amati kauni. Saloleza akazi, ndipo za lamulo limeneli tinenapo kutsogoloku. Wolakwa amaweruzidwa pa bwalo, anzake akumva. Amalipitsidwa, kapena kulandidwa khoka, kapena kupirikitsidwa pa chilumba, chimene kwa msodzi ndi chilango chowawa kuposa ndende, popeza amaona anzake akubwera ndi maboti odzaza iye ali pa mchenga. Tsiku lotsekula chilumba limakhala la mwambo waukulu. Mfumu imabwereza malamulo onse pamaso pa khamu, kotero kuti palibe amene angadzanene kuti sanamve, ndipo akulu amapereka nsembe kwa mizimu ya makolo imene amakhulupirira kuti imayang'anira chilumbacho. Pano tikumbukire Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene anakhala zaka zambiri ku Chigwa cha Shire. Iye anaonetsa m'zolemba zake kuti malo achipembedzo cha makolo, monga kachisi wa Mbona ku Khulubvi, sanali opempherera mvula pokha, koma ankakhudzanso za kalimidwe, za kutentha tchire ndi za nkhalango zosayenera kudulidwa. Kwa makolo athu nthaka ndi madzi zinali ndi eni ake osaoneka, ndipo munthu wamoyo anali wobwereka chabe. Munthu angathe kusiyana nawo pa za mizimu, koma maganizo akuti ndife obwereka ndi ovuta kuwatsutsa.

Nanga n'chifukwa chiyani asodzi, anthu osamva za wina monga timawadziwira, amamvera lamulo lowalanda miyezi inayi ya phindu? Ine ndikuona kuti chinsinsi chachikulu chili pa mawu amodzi: onse. Msodzi aliyense pa nyanja amadziwa kuti kupha kasawala n'kudya mbewu. Chimene chimamuchititsa kupha ndi mantha akuti akamusiya iye, mnzake amupha mawa. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Lamulo la pa Mbenji limachotsa mantha amenewa, chifukwa onse amachoka tsiku limodzi ndipo onse amabwerera tsiku limodzi, mwini maboti asanu ndi mwini bwato limodzi chimodzimodzi. Ndi lamulo losavutanso kuliyang'anira. Kuti udziwe ngati maso a khoka ndi ololedwa uyenera kuligwira ndi kuliyeza, koma boti looneka pa Mbenji mu Januwale ndi la wakuba basi, ndipo ngakhale mwana woweta mbuzi m'mbali mwa nyanja angathe kukanena. Pamwamba pa izi, woweruza milandu sachokera kutali. Amadya nsomba zomwezo, amaika maliro ndi anthu omwewo, ndipo akaweruza mokondera mudzi wonse umadziwa dzuwa lisanalowe.

Pamene Mbenji ankasunga mwambo wake, nyanja yonse inali kusintha mofulumira. Makoka a nayiloni anafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, osawola ndi osafuna kupumitsa, ndipo mpumulo uja umene khoka la luzi linkapatsa nyanja unatheratu. Nchila, imene kale inkaphedwa yochuluka kwabasi, inayamba kusowa m'zaka zomwezo. Mu 1968 zombo za injini zokoka makoka pansi pa madzi zinayamba ntchito kumwera kwa nyanja. Mu 1971 Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya za Usodzi payokha, ndipo lamulo la 1973 linaika mphamvu zonse za usodzi m'manja mwa Boma. Mafumu sanapatsidwemo mbali. Anthu nawo ankachuluka: kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, wa 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Minda itachepa, anyamata ambiri opanda pogwira anatsikira ku nyanja, kumene kunalibe mpanda.

Zotsatira zake zinaonekera poyera pa nyanja ya Malombe, imene mtsinje wa Shire umadutsamo ukangopitirira Mangochi. Malombe ndi nyanja yosaya, ndipo inali nkhokwe ya chambo. Mu 1982 asodzi anaphamo matani oposa 8,000 a chambo. Patangopita zaka 10 sanathenso kufikitsa ngakhale matani 1,000. Makoka okokera ku gombe anali atasesa udzu wa pansi pa madzi momwe kasawala ankabisala, nasalaza zisa za chambo pa mchenga. Chambo chitachepa asodzi anatembenukira ku tinsomba ta kambuzi, ndipo pofuna kutipha anachepetsa maso a makoka mpaka kufanana ndi a neti yotetezera udzudzu. M'ma 1970 pa Malombe pomwepo panabadwa nkacha, khoka loponya pakati pa nyanja limene munthu amamira kukalimanga kunsi kuti pasapulumuke kanthu. Malamulo oletsa zonsezi analipo ndithu m'mabuku a Boma. Chimene chinalibe ndi maboti, mafuta ndi anthu okwanira kulondera, ndiponso msodzi ankaona woyang'anira usodzi monga momwe agogo ake ankaonera mlangizi wa malimidwe.

Boma linavomera kuti lokha silingathe. Mu 1993, mothandizidwa ndi mabungwe akunja, linayambitsa pa Malombe ndi kumtunda kwa Shire ndondomeko yoyendetsa usodzi pamodzi ndi anthu. M'madoko munakhazikitsidwa makomiti pafupifupi 30, ndipo panali mgwirizano woti maso a nkacha ndi a makoka a kambuzi asachepere mamilimita 19. Cholinga chinali chabwino, ndipo anthu ambiri anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Komabe chambo sichinabwerere. Amene anafufuza nkhaniyi pambuyo pake anapeza kuti makomiti ambiri ankaoneka ngati a Boma osati a asodzi. Maganizo anachokera ku ofesi, maphunziro anachokera ku ofesi, ndipo maalawansi a pa misonkhano anakopa anthu ena amene sanagwirepo nkhafi, pamene anyamata okoka makoka, amene ndiwo amadziwa chimene chaphedwa usiku, anatsala kunja. M'midzi ina komiti inalimbana ndi nyakwawa, popeza nyakwawa inazolowera kulandira nsomba kwa asodzi obwera ndipo tsopano inkaona ngati yalandidwa ufumu. Wa komiti anapezeka pakati, osadziwa ngati ndi maso a Boma kapena mlomo wa anzake. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Ndalama za mabungwe zitatha, makomiti ambiri anazilala nazo limodzi. Tiwachitirenso chilungamo anthu a ku Malombe: iwo anapemphedwa kudziletsa nsomba zitatha kale, pamene kudziletsako kunalibe mphotho yooneka msanga, ndipo kuuza munthu wanjala kuti agule khoka latsopano la maso akulu n'kosavuta kwa amene ali ndi malipiro a pamwezi.

Wina angaganize tsono kuti yankho ndi kubwezera zonse kwa mafumu. Mbiri ya nyanja ya Chiuta ikutichenjeza kuti tisathamange. Chiuta ndi nyanja yaing'ono yosaya m'boma la Machinga, pa malire ndi Mozambique, ndipo eni ake ankasodza ndi matchera, miono ndi mbedza. M'ma 1980 kunayamba kufika asodzi a nkacha ochokera ku Malombe ndi ku Chilwa. Makoka awo ankang'amba matchera a eni dera, ankavundula madzi amene anthu ankamwa, ndipo pokhala ankapha nsomba zambiri nthawi imodzi ankagwetsa mitengo pa doko. Anthu atadandaula kwa mafumu awo sanathandizidwe, pakuti ena mwa mafumuwo ankalandira mphatso kwa alendowo. Pamenepo asodzi wamba anadzisonkhanitsa okha, napanga makomiti awoawo popanda wowalipira, ndipo mu 1995 anapirikitsa a nkacha pa nyanjapo. Boma linabwera pambuyo kudzavomereza zimene anthu anali atachita kale. Makomiti a pa Chiuta anakhala olimba kuposa a pa Malombe ngakhale kuti sanadyerepo ndalama zambiri za mabungwe, kapena mwina tinene kuti chifukwa chakuti sanadyerepo. Vuto lawo linatsalira pa malire: tsidya la Mozambique lamulo lawo silinkagwira ntchito, ndipo ena mwa opirikitsidwa aja anangowoloka n'kukaponya makoka awo kumeneko, m'madzi omwewo.

Tikaika nyanja zitatuzi pamodzi tikuona kuti nkhani siili pa ufumu kapena pa komiti. Pa Mbenji mfumu inatsogolera ndipo asodzi anailandira. Pa Chiuta asodzi anatsogolera motsutsana ndi mafumu awo. Pa Malombe ofesi inatsogolera ndipo anthu anaitanidwa kudzathandiza. Pawiri poyambapo lamulo linapangidwa ndi anthu amene adzamve njala yake ndi kudya phindu lake. Lamulo la usodzi la 1997, limene linalowa m'malo mwa la 1973 lija, linavomereza kuti anthu a m'midzi atenge mbali poyendetsa usodzi, ndipo kuyambira m'zaka zimenezo akuluakulu a za usodzi akhala akutchula Mbenji monga chitsanzo. Izi n'zoyamika. Koma pali kusiyana pakati pa kuvomereza chimene anthu amanga okha ndi kuwatumizira pulani yoti amange chofanana nacho pofika mwezi wakutiwakuti lipoti lisanalembedwe. Mwambo wa pa Mbenji unatenga zaka makumi angapo kuti ukhwime, ndipo unakhwimira pa milandu yeniyeni, yoweruzidwa umodziumodzi, anthu akuona ngati mfumu idzalanga m'bale wake monga ilangira mlendo.

Kuti mwambowo ukupindula si nkhambakamwa ya akulu okha. M'zaka za 2022 ndi 2023 akatswiri a ku Mzuzu University pamodzi ndi a ku University of Strathclyde ya ku Scotland anafufuza mbiri ya usodzi wa pa Mbenji, namva maumboni a akulu, nayezanso nsomba. Anapeza kuti utaka wa pa Mbenji ndi wokulirapo ndi wolemera kuposa wa m'madzi oyandikana nawo amene ali pansi pa malamulo a Boma okha. Zimenezi zikumveka bwino tikakumbukira kuti mu 2018 bungwe la dziko lonse loona za zamoyo zimene zili pangozi linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Pa nyanja imene nkhani zake zambiri ndi za kutha, pali malo amodzi pomwe zidzukulu zikusodza pamene agogo awo ankasodza, n'kumapezabe kanthu.

Komabe sindingakhale woona ndikalemba ngati kuti pa Mbenji zonse ndi zokoma. Lamulo loletsa akazi ndi lovuta kulimeza. Olisunga amati limachokera ku mwambo wa mizimu ndiponso limaletsa chiwerewere ndi ndewu pa chilumba, ndipo aliyense wodziwa zimene zimachitika m'madoko ena, kumene amayi osauka amagula nsomba ndi thupi lawo, sangaseke chifukwa chimenechi. Koma amayi ndiwo amayanika, kuwamba ndi kugulitsa nsomba zambiri za m'dziko muno. Kuwaletsa kufika pamene nsomba zikutuluka m'madzi ndiko kuwaika kumapeto kwa mzere, kuti azigula kwa amene agula kale. Ngati cholakwa chili mwa amuna, n'chifukwa chiyani chilango chikugwera akazi? Funso limeneli eni mwambo adzayenera kuliyankha okha, pakuti likayankhidwa ndi alendo tidzabwerera ku malimidwe. Koma kuliyankha adzayenera ndithu.

Chinanso n'chakuti Mbenji ndi chilumba. Chili ndi malire ooneka ndi maso, ndipo nsomba yake imakonda kukhala pa miyala yake. Gombe lalitali la Mangochi kapena la Nkhotakota, kumene midzi yalumikizana ndipo msodzi angathe kukocheza paliponse usiku, silingatsekedwe m'njira yomweyo, ndipo usipa, umene umayendayenda nyanja yonse, sungatetezedwe ndi mfumu imodzi. Mwambo wodalira mfumu umadaliranso mtima wa mfumuyo. Ufumu ukagwera munthu wokonda mphatso, zimene zinamangidwa zaka 70 zingathe kugwa m'dzinja limodzi, monga anthu a ku Chiuta anaonera. Ndiponso tifunse kumene asodzi aja amapita chilumba chikatsekedwa. Ena amapitadi ku minda monga kale. Koma lero alipo ambiri amene alibe munda, amene boti ndi injini anazitenga pa ngongole, ndipo ngongole siidziwa kuti chilumba chatsekedwa. Otere amangosamukira ku madoko ena kumene kulibe wowaletsa, kotero kuti gawo lina la mpumulo wa Mbenji limalipiridwa ndi madzi a anzawo. Kumeneko makoka a neti ya udzudzu akukokabe, ndipo pa nsomba zonse zimene zikuphedwa m'nyanja ya Malawi masiku ano, zoposa theka ndi usipa. Ana ambiri obadwira m'matauni athu akukula akudziwa bonya. Chambo amachiona pa msika, mayi awo akufunsa mtengo n'kupitirira.